Loko pa Kompyuta ya Malemu

Chikamveka, Zomba
5 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Medson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikudzuka, ngakhale kudzuka kwake ndi kwa anthu amene angoika maliro. Mwana wanga Yvonne wabwerera kusukulu, akupereka moni. Kalatayi ndapatsira a Shafik, aja amanyamula katundu wa ku Joni, chifukwa foni yaikulu ija inali ya malemu a Eddie ndipo abale awo anaitsekera m'sutikesi pamodzi ndi nsapato ndi majekete. Ine ndatsala ndi kafoni ka mabatani, ndipo mukudziwa mmene kuimba ku Joni kumadyera mayunitsi.

Shopu ndinatsegulanso sabata yatha. Ena akuti ndafulumira, mwezi ndi theka chimwalirireni mwamuna. Anthu omwewo sanabwereko ndi ufa ngakhale wa phala. Ntchito ndi yomwe ija, kutaipa makalata, kupanga makadi a ukwati, ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi a makwaya. Zonsezi zikudalira kompyuta imodzi imene a Eddie anaisiya. Tikudya pa iyo, sukulu ya Yvonne ili pa iyo.

Vuto ndi lakuti yakalamba. Vidiyo ya ola limodzi ndikaiyamba m'mawa imatha dzuwa litabisala kuseri kwa phiri, ndipo magetsi akazima pakati ndiye kuyambiranso. Kwaya ya ku Mtiya inatopa kudikira, inabwera kudzatenga ntchito yake n'kukapereka kwina. Ndinawamwetulira, koma atatuluka ndinakhala pansi n'kulira.

A Eddie ankanena kuti chofunika ndi kusintha pulosesa, kachitsulo kaja kamene kamaganiza m'kati mwa kompyuta, koma matenda anawapeza asanatero. Achimwene, chipitireni ku Joni sindinakupempheniko kanthu. Lero ndapempha. Ndipezereni pulosesa yamphamvu maukwati asanayambe mu Ogasiti.

Ine mchemwali wanu,
Benedicta

Johannesburg
18 Meyi 2024

Bene,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ife tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo kwa kuno kumaposa kwa kuphiri kwathuko.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Amene akuti wafulumira kutsegula shopu uwauze kuti alembere ine, ndiwayankha bwinobwino.

Loweruka ndinapita kwa munthu wogulitsa zida za makompyuta. Ine za zinthuzi sindizidziwa, manja anga anazolowera kunyamula makatoni. Ndinangoti ndikufuna pulosesa yamphamvu. Anandiseka pamaso pa anthu. Akuti pulosesa sagula ngati ndiwo. Imakhala pa chibodi chachikulu cha m'kati chimene amachitcha mazabodi, ndipo pa bodipo pali soketi, mpando wake wa pulosesayo. Masoketi amasiyana. Ukagula ya soketi ina, siingakhale, ngakhale uipemphere.

Ndiye chita izi. Zimitsa kompyuta, zula chingwe kukhoma, masula tizisikuluwu tiwiri ta kumbuyo, chotsa chivundikiro cha m'mbali. Pa bodipo pali dzina ndi manambala olembedwa ndi zilembo zoyera. Ukopere zonse, osadumpha ngakhale chimodzi, n'kupatsira a Shafik ulendo wotsatira. Ntchito yake ndi ya mphindi zisanu basi.

Nanga za kukusudzula zili pati? Abale a Eddie anena tsiku? Undiuze msanga, kuti ndiuze amalume a Benard akaimire ine.

Mchimwene wako,
Medson

Chikamveka
1 Juni 2024

Achimwene,

Zikomo poyankha msanga. Tili bwino, chiperoni chokha ndicho chatikwana. Masiku atatu phiri silikuoneka ndipo mapepala onse mushopu anyowa, makina osindikizira akungowatafuna.

Manambala aja ndaona. Palembedwa i5 6500. Ndakopera monga mmene alili.

Za kusudzula akuti kumayambiriro a Ogasiti, kwawo ku Zakazaka. Tsikulo ndi limenenso adzagawe katundu wa malemu. Alamu a Herbert, akulu awo a Eddie, ndiwo akuyendetsa zonse. Zina tidzakamba.

A Shafik akudikira panja ndi galimoto, ndisawachedwetse.

Benedicta

Johannesburg
15 Juni 2024

Bene,

Moni. Kalata yako inali yaifupi ngati ya munthu wothawa, koma manambala anafika.

Wogulitsa uja anayamba wang'ung'udza kuti zimenezo ndi dzina la pulosesa yakale osati la bodi. Kenako anati zilibe kanthu, pakuti pulosesa imeneyo imakhala pa soketi ya 1151, ndiye anandisankhira i7 6700 ya soketi yomweyo. Akuti vidiyo ya tsiku lonse ija izitha usanamalize kumwa tiyi. Mwina akukokomeza, anthu amalonda ndi amodzi kulikonse.

Ili m'kabokosi kamene a Shafik akupatse, ndakakulunga ndi masokosi a Yvonne. Mulinso kachubu ka mafuta otuwa opaka pamwamba pake kuti isatenthe. Usaigwire kunsi kwagolideko. Upeze munthu wodziwa akuikire.

Ndikuuze zoona, sindinaipeze mophweka. Masabata atatu ndagwira ntchito Lamulungu lomwe, kutchalitchi osapita, ndipo jekete limene ndimafuna kugula ndalisiya. Sindikukuwerengera. Ndikungofuna udziwe kuti kachinthu kakang'ono ngati bisiketi kameneko kali ndi thukuta langa. Ukaiyatsa undiimbire ngakhale mphindi imodzi, ndimve mawu ako ukuseka.

Medson

Chikamveka
30 Juni 2024

Achimwene a Medson,

Moni kwa nonse. Katundu ndinalandira, masokosi Yvonne wavala kale. Sindinaimbe chifukwa panalibe choseka. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kukalipa.

Kompyuta ija sindinaitsegule. Sindingathe kuitsegula. Patangopita masiku awiri nditatsegulanso shopu, alamu a Herbert anabwera ndi loko watsopano. Kumbuyo kwa chibokosi cha kompyuta kuli kabowo, ine sindinkadziwa n'komwe ntchito yake. Iwo anakadziwa. Anakolowekamo loko, kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Anati katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tsiku losudzula, ndipo andichitira chifundo pondilola kuti ndiziiyatsa. Akuti anamva kuti akazi amasiye a masiku ano amachotsa zabwino za m'kati n'kusiyira abale chigoba. Ananena zimenezi ndili ndi duku lakuda kumutu, makasitomala awiri ali pabenchi.

Sindinakuuzeni chifukwa ndimakudziwani. Mukanawaimbira n'kuwatukwana, iwo akanabwera kudzanyamula kompyuta yonse tsiku lomwelo, ine n'kutsala ndi tebulo. Ndinaganiza kuti ndikhale chete, tsiku losudzula ndikawapemphe mwaulemu kuti andisiyire, ndipo pulosesa ikhale ilipo kale yongoikamo. Manambala aja ndinakopera pa sitika ya kunja kwa chibokosi. Ndinkayesa kuti zakunja ndi zam'kati ndi zimodzi.

Lachitatu ndinaitana a Trevor, amene amakonza makompyuta pafupi ndi depoti. Sanafune n'kiyi yomwe. Anangodina mabatani angapo, kompyuta inadziulula yokha pagalasi. Pulosesa imene ili m'katimo ndi i3 yakalekale, ya soketi ya 1155. A Trevor anakumbukanso kuti chibokosicho a Eddie anachigula chopanda kanthu pa okushoni ya ofesi ina, n'kuikamo bodi yawo yakale. Sitika ija ndi ya kompyuta ya eni ake, imene inafa kale.

Ndinati, a Trevor, 1151 ndi 1155 si zoyandikana? Kusiyana kwake ndi zinayi zokha. Anandiyang'ana mondimvera chisoni. Anati mu soketimo muli tizingano toposa chikwi, topyapyala kuposa tsitsi, ndipo pulosesa ili ndi timipata m'mbali timene timayenera kugwirizana ndi mpando wake. Ya 1151 pa mpando wa 1155 siikhala. Wokakamiza amapinda tizinganoto, bodi n'kufa.

Ndalakwa, achimwene. Thukuta lanu lili m'dilowa, lokulungidwa m'mpango. Koma ndikukuuzani, ndakwiya kuposa mmene mungakwiyire inu. Kompyuta imeneyi ndaikhalira zaka zisanu ndi ziwiri. A Eddie ankajambula, wokonza ndinali ine. Lero kuti ndione m'kati mwake ndiyenera kupempha munthu amene sadziwa n'poyatsira pomwe.

Mchemwali wanu,
Benedicta

Johannesburg
13 Julayi 2024

Benedicta,

Moni ndikupereka kwa Yvonne. Iwe moni wako uyambe wadikira.

Ndinakuuza chinthu chimodzi. Chimodzi! Tsegula, werenga, lemba. Iwe unandilembera kuti "ndakopera monga mmene alili", ukudziwa bwinobwino kuti wakopera pakhomo osati m'nyumba. Ndinabwerera kwa wogulitsa uja kukafunsa ngati angasinthe. Anandisonyeza chikwangwani chake chakuti katundu wotuluka sabwerera, n'kundisekanso kachiwiri. Ine bambo wa ana atatu, kusekedwa kawiri ndi munthu mmodzi chifukwa cha mchemwali wanga.

Koma zimenezo ndi zazing'ono. Chandiwawa ndi chakuti munthu anabwera kudzakunyoza pamaso pa makasitomala, iwe n'kundibisira miyezi iwiri. Mwini mbumba ndine. Bambo kulibe, mayi kulibe. Ukandibisira ine, uuza ndani? Ukuti ndikanawatukwana. Inde ndikanawatukwana, ndipo akanayenera. Mwambo wosakhudza katundu wa malemu ndimaudziwa, koma sindinamvepo kuti makolo athu ankaika loko pa khasu la namfedwa kuti asalime.

Kubwera sindingathe, abwana sangandilole ndipo mapepala anga sanatuluke. Ndaimbira amalume a Benard, adzakhala nawe ku Zakazaka. Ndawauza kuti asakangokhala n'kumagwedeza mutu monga amachitira.

Pulosesayo uibise. Ndi yanga, ndapatsa iwe, si ya Eddie. Asaione munthu wa kubanja limenelo.

Ndikadali wokwiya, koma udye, usadzizunze.

Medson

Zakazaka, Zomba
20 Julayi 2024

Okondedwa alamu a Medson,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye, ndi chikhulupiriro chakuti ntchito zikuyenda bwino kumeneko. Ndine Herbert, mkulu wake wa malemu Eddie, amene banja linandisankha kuyang'anira katundu wa mng'ono wanga.

Ndalemba chifukwa cha nkhani imene yatikhumudwitsa. Tamva kuchokera kwa anthu a kudepoti kuti munatumiza chida chamtengo wapatali cha kompyuta ya malemu, ndipo alamu athu a Benedicta anachilandira osatiuza. Nditawafunsa anavomera, koma akuti chidacho sichingalowe. Alamu, ine ndagwira ntchito muofesi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Munthu sangatumize chinthu kuchokera ku Joni chimene sichilowa. Pa chibokosi palembedwa manambala, inu munagula potsata manambala omwewo. Nanga chilekerenji kulowa? Ife tikuona kuti pali chinyengo, ndipo izi ndi zimene tinkaopa poika loko uja.

Maganizo a banja ndi awa. Chinthu chimene chagulidwira kompyuta ya malemu ndi cha kompyuta ya malemu. Tapeza kale munthu wa kuno amene akufuna kugula kompyutayo, ndipo wanena kuti ikakhala ya i7 aitenga tsiku lomwelo. Zimene zipezeke zidzathandiza amayi athu okalamba ndi alongo ake a malemu, ndipo mwana Yvonne sitimuiwala. Alamu athu akadali ndi mphamvu, angathe kuyamba geni ina, monga ya tomato kapena kaunjika.

Choncho muwalangize kuti pa 3 Ogasiti abwere ndi kompyuta ndi chidacho, kuti tiwasudzule mumtendere. Sitikufuna mikangano pa maliro a m'bale wathu.

Ine wanu mwa Ambuye,
Herbert

Chikamveka
5 Ogasiti 2024

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Mukuona kuti kalatayi ndi ya pamanja. Muwerenge, mudziwa chifukwa chake.

Kalata yanu yokalipa ija inafika mochedwa, a Shafik anagonera masiku asanu pachipata cha Mwanza. Pamene ndinkawerenga zoti ndibise pulosesa, a Herbert anali atamva kale. Mwina ndi bwino, chifukwa kubisa ndatopa nako.

Loweruka tinapita ku Zakazaka, ine ndi amalume a Benard, kompyuta ili pakabaza patsogolo pathu. Anthu anali atadzaza pakhonde. Mapemphero anachitika, ankhoswe analankhula, sutikesi inatsegulidwa. Majekete anagawana, nsapato anayesana pomwepo, foni inapita kwa mlongo wawo wamng'ono. Ine ndinali pamphasa, maso pansi, monga kuyenera.

Kenako a Herbert anaika kompyuta patebulo, natulutsa kiyi. Wogula kompyuta amene a Herbert anapeza uja anali atakhala pampando wapulasitiki, miyendo yopingasa. A Herbert anati, "Alamu, tipatseni chida chija."

Ndinagwada n'kunena kuti, "Alamu, chida ndi ichi, koma sichilowa. Soketi yake ndi ina. Mukakakamiza muipha kompyuta."

Anaseka. "Mwamva? Ndinakuuzani kuti adzatero."

Amalume a Benard sanagwedeze mutu, achimwene, muwathokoze. Anaimirira n'kunena kuti titume munthu akaitane a Trevor, ndi mphindi khumi basi. A Herbert anakana, akuti a Trevor ndi mboni yanga, tinapangana kale. Ndinanenanso kachiwiri kuti sichilowa. Alongo awo anayamba kung'ung'udza kuti ndili ndi mwano. Ndinanena kachitatu, mokweza, kuti ankhoswe onse amve: "Ine ndanena. Pasadzakhale wonena kuti sindinanene."

A Herbert anatsegula loko. Kunali koyamba kuti ndione m'kati mwa chinthu chimene chandidyetsa zaka zonsezi. Fumbi, tizingwe tomangidwa ndi ulusi wakuda mmene a Eddie ankamangira zinthu zawo. Misozi inatsika yokha.

A Herbert anachotsa fani ndi mpeni wa patebulo. Anatukula kachitsulo kogwirira, anachotsa pulosesa yakale, naikapo yanu. Inakhala mopendekera, aliyense anaona. Anaitembenuza, inapendekerabe. Wogula uja anati, "Bwana, mwina amayiwa akunena zoona." Koma munthu amene watchula mkazi wamasiye kuti wabodza pamaso pa anthu makumi atatu angabwererenso bwanji? Anaikapo chala chachikulu n'kusindikiza ndi thupi lonse, kwinaku akukankha kachitsulo kaja. Tinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda chigoba cha dzira.

Analumikiza kumagetsi. Fani inazungulira kamodzi n'kuima. Pagalasi panali bii. Anachotsa yanu, nabwezera yakale ija. Bii. Anazimitsa, anayatsa, anaomba chibokosi ndi dzanja. Wogula anaimirira, anakung'untha buluku lake, nati ali ndi kwina kopita.

Ndiye a Herbert anandiponyera pulosesa yanu pamphasa, akuti kachitsulo ka ku Joni ndi kamene kapha kompyuta ya mng'ono wawo. Atatero ananong'onezana ndi alongo awo, kenako anakonza kukhosi n'kulankhula ndi mawu a kutchalitchi aja: "Banja lagwirizana kuti kompyutayi tiwasiyire alamu athu, pokumbukira chikondi chimene malemu anali nacho pa iwo."

Achimwene, taganizani. Ili yamoyo inali ya banja, yoika loko, yoti ine ndisaikhudze. Yafa, yasanduka chikondi cha mwamuna wanga. Ndinafuna kuwalavulira mawu amene akanandiperekeza mpaka kumanda. Amalume anandigwira paphewa. Ndinafunsa mwaulemu wonse, "Alamu, mukuti yonse? Ndi zonse za m'kati mwake?"

Anati yonse.

"Simudzaifunanso?"

Anati aifunirenji. Amalume anapempha ankhoswe a mbali zonse kuti abwereze mawuwo, ndipo anabwereza. Anandisudzula, duku lakuda ndinavula, tinakweza mtembo wathu pakabaza n'kubwerera.

Lero m'mawa ndinaipititsa kwa a Trevor. Bodi yafa, tizingano tagona ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe. Koma hadi disiki ili bwino, ntchito zonse za makasitomala zilimo. Ndipo pulosesa yanu anaiyesa pa bodi ya munthu wina, inayaka nthawi yomweyo. Yangokandika pakona.

Tsono ndapemphanso, ngakhale moni wanga munati udikire. Pitani kwa wogulitsa uja, akusekeni kachitatu ngati akufuna. Mugule mazabodi ya soketi ya 1151, imene ilandira i7 6700, pamodzi ndi ramu yake, timatabwa ta memori tolowetsa pa bodipo, chifukwa a Trevor akuti yakaleyi siigwirizana nayo. Alemba okha pa kapepala kamene ndamata m'munsimu, ine sindinakopere kalikonse. Ukwati woyamba uli pa 24, ndawauza eni ake kuti vidiyo yawo ichedwa sabata imodzi ndipo avomera. Mpaka pamenepo shopu ndi yotseka, ndipo sindikubisirani, ndili ndi mantha.

Kalata imene a Herbert akuti anakulemberani ija musaiyankhe. Ndikudziwa kuti manja akukuyabwani, koma musalembe, musaimbe, ndipo musauze aliyense wa kudepoti kuti kompyutayi ingadzukenso. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinakhala m'banja lawo, ndinawaphikira, ndinadwazika m'bale wawo ndekha mpaka tsiku lomaliza. Asiyeni akhale akudziwa kuti chimene anandipatsa ndi chakufa.

Ine mchemwali wanu,
Benedicta